Chogwirira cha Apongozi

Lolemba, 2 Seputembala 2024

Apongozi, amayi ake a Felesiya, anagwa pa masitepe dzulo m'mawa. Kwawo ku Nathenje, akutsika ndi ndowa yopanda kanthu. Foni inatipeza tili m'tchalitchi, Felesiya anatuluka nyimbo ili pakati. Ndinamuperekeza pa njinga yamoto mpaka pa mtengo wa mango wa kutsogolo kwa nyumba, malire anga a masiku onse. Iye analowa, ine ndinatsala panja.

Fupa silinathyoke, Mulungu ngwabwino. Bondo latupa, chigongono chasupuka. Felesiya akhala komweko mpaka achire. Kuno ku Mitundu ndatsala ndekha ndi matabwa.

Masitepe amenewo ndimawadziwa. Asanu ndi awiri, a njerwa ndi simenti. Anawamanga okha malemu apongozi aamuna, chifukwa nyumba ili pachitunda. Munthu wabwino, mlimi wa fodya wodziwa, koma mmisiri ayi. Sitepe iliyonse ndi msinkhu wake. Yachitatu kuchokera pansi ngati ukukwera lole. Mbali zonse pululu, popanda pogwira. Zaka 22 ndikuwaona, kalipentala wathunthu, osaganizako n'komwe. Manyazi andigwira lero.

Lachitatu, 4 Seputembala

Alamu a Masautso, achimwene ake a Felesiya, anafika dzulo kuchokera ku Lilongwe. Mawu awo ndi amodzi: amayi anyamuke, akakhale kwa iwo ku Kawale. Nyumba yopanda masitepe, madzi a pampopi, chipatala pafupi. Sindingawanene. Mayi ndi wawo, mbumba ndi yawo, ndipo aopa. Nanenso ndikanaopa.

Koma apongozi akana. Felesiya pafoni akuti anena kuti, "Mudzandinyamule ndili m'bokosi." Pali dimba lawo kudambo, nkhuku zawo, manda a amuna awo amaonekera pakhonde. Ku Kawale akangokhala pampando kuyang'ana mpanda.

Agwirizana chonchi. Alamu abweranso Loweruka pa 28. Akapeza amayi akutsika ndi kukwera okha, popanda wowagwira, atsala. Apo ayi, galimoto.

Ndamuuza Felesiya kuti ndipanga chogwirira. Iye, "Mwapempha kwa ndani?" Eya, zoona. Mkamwini safika pakhomo pa eni n'kuyamba kukumba. Ndaimbira alamu. Avomera, koma ngati akundimvera chisoni: "Yesani, alamu. Koma thabwa silichiza ukalamba."

Masiku 24.

Loweruka, 7 Seputembala

Tsiku la msika, fumbi lokhalokha. Ndazungulira onse ogulitsa matabwa. Paini mbwee, koma paini panja ndi chakudya cha chiswe, mvula ziwiri watha. Bulugamu alipo, wamuwisi, wodula dzana. Ukamukhoma lero, pofika Khirisimasi wapindika ngati nyanga ya ng'ombe. Ndapeza mitengo itatu yokha youma kwa mkulu wina amene wagwetsa chigafa chake. Imeneyo ikhala nsanamira.

Pogwira penipenipo pafunika mtengo woti dzanja likondwe nawo. Ndatsitsa matabwa awiri a mlombwa amene akhala kudenga kwa shedi zaka zitatu. Ndinkasungira tebulo la mwana wathu Thoko akadzakwatiwa. Thoko akadali ku koleji, mwamuna sanaoneke n'komwe. Adikira.

Calvin wowotcherera zitsulo, wa shedi yoyandikana ndi yanga, wandiseka. "Paipi imodzi, moto pang'ono, masana mwamaliza." Ndamufunsa ngati anagwirapo paipi ya panja mu Okutobala dzuwa lili pamutu, kapena mu Juni m'mamawa. Wangoti aa, inu ndi matabwa anuwo. Wabwerera ku mageti ake.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Kukayeza. Ndinafika pa mango cha m'ma 9, kuzimitsa njinga, kutsokomola kawiri mokweza. Kudikira. Felesiya anatuluka: "Alowa kuchipinda, bwerani."

Ndi mmene takhalira chikwatirire. Ena anazisiya izi, anzanga amadyera pamodzi ndi apongozi awo mpaka kujambulitsa pafoni. Osati apongozi anga aNachisale. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kutchire, ine kwina. Sitinalankhulanepo maso ndi maso, mawu onse amadzera mwa Felesiya. Nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi cha ukwati wathu, ndipo pamenepo anaweramitsa mutu. Sindidandaula. Si chidani ayi, ndi ulemu. Zaka zinayi zimene ndinakhala pa chikamwini pomwepa sindinamvepo kuti andinena, ndipo palibe ulendo umene ndinabwererako osadya nkhuku.

Ntchito. Chingwe kuchokera pamlomo pa sitepe ya pamwamba kufika pamlomo pa ya pansi, kukoka zolimba. Pa masitepe abwino chingwe chimakhudza milomo yonse. Apa chakhudza itatu basi. Yachitatu ija masentimita 24, zinzake 16, 17, ina 14. Malemu, Mulungu awakhululukire. Kupendekera kwa chingwecho ndakujambula pa kathabwa, ndiko kuzindiuza modulira chilichonse.

Maenje atatu kudzanja lamanja potsika, pamwamba, pakati, pansi. Akuya kupitirira bondo. Matsinde a nsanamira ndiwapaka oyilo wakuda wa galimoto, chiswe chisayese dala. Msinkhu wa chogwirira masentimita 90, monga ndinaikira pa loji ina ku tauni.

Nkhuku inandipeza pa mango, m'mbale yovundikira. Ndinamaliza ntchafu zonse ziwiri.

Lachisanu, 13 Seputembala

Masiku atatu pa benchi. Zitseko za anthu zaima, mmodzi wabwera kawiri kudzandikalipira. Akalipe.

Thabwa limodzi silikwana utali wonse, ndiye kulumikiza awiri. Osati kungogundanitsa mitu ayi, pamenepo dzanja limakodwa ndipo madzi amalowa. Ndadula onse awiri mopendeketsa, motalika ndithu, n'kupala mpaka atagonerana osaonetsa kuwala pakati. Polumikizapo pagwera pamwamba penipeni pa nsanamira ya pakati, kuti pasasenze katundu pokha.

Kumitu kwa nsanamira ndasema malilime, kunsi kwa chogwirira ndaboola mabowo ake ndi tchizulo. Povuta mpakuti palibe chowongoka. Mapewa a lilime lililonse ayenera kutsata kupendekera kwa chingwe chija. Loyamba ndinaphonya, linkagwedera ngati dzino la nkhalamba. Ndinakhala pansi kaye, kumwa madzi, kudulako, kuyambiranso. Lachiwiri linalowa ndi nyundo yamtengo, katatu, thi, thi, thi, n'kukhala. Kulira kumeneko ndimakukonda kuposa kwaya.

Misomali ayi. Imachita dzimbiri, imatulutsa mutu, n'kung'amba dzanja la munthu. Zikhomo za mlombwa womwewo. Guluu ndidzathira zonse zikayesedwa.

Koma fungo la mlombwa ukamapalidwa, abale! Mpaka Calvin analowa kudzanunkhiza.

Lolemba, 16 Seputembala

Ndalakwitsa. Ine Alick, zaka makumi atatu ndi puleni yopalira matabwa m'manja.

Loweruka ndinaimika nsanamira, kuyeza ndi levulo kuti zawongoka mbali zonse, simenti. Lero chogwirira. Chinakhala ngati chinamera pomwepo. Ndinagwedeza ndi mphamvu zonse, chili nji. Ndinabwerera pa mango mtima uli myaa, kuti Felesiya awatulutse apongozi ayese. Ndinatembenukira kumunda monga mwa masiku onse.

Sipanapite nthawi, Felesiya uyo, nkhope yosafuna kuseka koma ikuseka. Akuti dzanja anachita kulikweza ngati akuyanika zovala. Kunenepa kwake, zala sizikumana, paja nyamakazi inapinda ziwiri. Anafika sitepe yachiwiri n'kubwerera. Mawu awo: "Ukawauze kuti n'chokongola. Koma apangira munthu wina, wamtali."

Safunsa anadya phula. Ndinayeza masitepe, njerwa iliyonse, eni ake osawayeza. Nanga ndikanawayeza bwanji, anthu oti sindinaimepo nawo pafupi? M'mutu mwanga ndi aakulu ngati chitseko. Felesiya akuti amamulekeza paphewa.

Mwayi guluu sindinathire. Ndagulula zikhomo, ndamanga zidutswa ziwirizo pa njinga, kubwerera nazo ku Mitundu anthu akundiyang'ana njira yonse. Masiku 12.

Lachitatu, 18 Seputembala

Nzeru zanga zandipweteka.

Ndinaganiza kuti ngati dzanja sindingaligwire, libwere lokha. Dzulo ndinakanya dongo la pachulu, kuumba ngati chinangwa, kukulunga m'jumbo, n'kukapatsa Felesiya. Amayi afinye kamodzi, zala zidinde, ine ndiyeze pamenepo. Ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Kalanga ine. Apongozi atangomva anasuntha ndi mkeka womwe. "Dzanja langa lipite ku Mitundu m'jumbo? Akalitani?" Panalinso amayi awiri a kumpingo odzawazonda, akuti anangoyang'anana. Ngakhale mwana amadziwa kuti wotapa dothi la paphazi pa mnzake safuna zabwino, nanga la dzanja? Ine mkulu wa mpingo wathunthu, osaganiza! Felesiya anakaponya dongolo m'chimbudzi pamaso pa onse.

Wandikalipira pafoni mpaka mayunitsi kutha. Sakulakwa. Ndamupempha akandipepesere, agwade. Pofika Lamulungu mudzi wonse ukhala utamva kuti mkamwini wa kwa aNachisale wayamba zamankhwala.

Puleni sindinaigwire lero.

Lachisanu, 20 Seputembala

Felesiya watumiza katundu pa kabaza. Mpini wa khasu wopanda khasu lake, ndi bango limodzi lolembedwa ndi khala. Uthenga: "Amayi akuti ngati mukufuna dzanja lawo, lili pa mpinipo. Muubweze mvula isanagwe." Ndiye kuti andikhululukira. Ndiyenso kuti akuwerengera zolima chaka chino.

Ndinakhala nawo nthawi yaitali. Mpini wakale, wakuda ndi thukuta, wosalala. Pomwe amagwira padyeka, pachepa, ndipo si pobulungira ayi, mpophwatalala pang'ono ngati dzira. Mbali ya chala chachikulu palowa m'kati. Mizere ingati, abale! Ana asanu analeredwa ndi mipini ngati umenewu, mkazi wanga mmodzi wa iwo. Misozi inalengeza. Calvin atalowa ndinanamizira utuchi.

Bangolo, Felesiya anawaimika amayi pakhomo, dzanja lili pomwe limapumira, n'kulemba mzere. 74. Ndinaphonya ndi masentimita 16.

Kuchepetsa mlombwa tsiku lonse. Puleni kaye, kenako tupa, kenako chidutswa cha galasi kupala pang'onopang'ono, sandipepala pomaliza. Dzanja lina pa mpini, lina pa chogwirira, maso otseka, mpaka ziwirizo zitafanana. Kunsi ndasiya nyama yokwanira kuti mabowo asafooke.

Loweruka, 21 Seputembala

Msana. Kudula nsanamira ndi kusemanso malilime zili chiimire m'simenti, munthu utapinda ngati ukubzala. Amayi ena podutsa anandipatsa moni ataima patali, ana atawabisa kumbuyo. Za dongo zafika.

Lolemba, 23 Seputembala

Chalowa. Guluu, zikhomo, kudula mitu ya zikhomo n'kusalaza mpaka chala chisamve. Polumikiza paja ngakhale ine ndimachita kupafuna. Ndinadikira guluu agwire mpaka dzuwa litapendeka.

Ulendo uno sindinatembenukire kumunda. Ndinafuna kuona ndekha. Ndinaima kuseri kwa mango, maso pansi, kuyang'ana mapazi ndi dzanja basi, kumtunda ayi.

Dzanja lakwana. Zala zatseka. Koma ndaona china, ndipo mtima sukukhazikika.

Apongozi atatuluka pakhomo, dzanja linapita kukagwira, n'kuphonya. Linagwira mphepo kawiri, kenako n'kupeza mtengo. Pa sitepe iliyonse phazi limayamba lafufuza, chala chachikulu kukwawa mpaka chipeze mlomo, ndiye n'kutsika. Pa yaitali ija anaponda msanga poyesa kuti afika, thupi lonse linagwedezeka. Atafika pansi penipeni anapondanso, kufuna sitepe ina yomwe kulibe. Mwanapiye anali pomwepo, sanamulambalale, anathawa yekha.

Felesiya akuomba m'manja, "Mwakwanitsa, amayi, mwakwanitsa!" Iye amayang'ana nkhope. Onse amayang'ana nkhope, ndipo akuti nkhopeyo imamwetulira. Ine ndekha ndi amene ndinapatsidwa mapazi.

Si bondo limeneli. Si chizungulire. Apongozi sakuona.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Ndafunsa Felesiya mozungulira, ngati nkhani chabe. Amayi amasokabe? Ayi, anasiya chaka chatha, akuti zala. Buku la nyimbo? Amaimba za pamtima. Kudimba? Ankapita okha, njira yomweyo, koma mpiru anapempha mnzawo awafesere. Ndipo sabata yatha anathira mchere mu tiyi, n'kudziseka okha. Felesiya akunena zonsezi osamva chimene akunena.

Ndagwira njakata. Ndikauza Felesiya, pofika madzulo alamu amva, mkazi wanga sasunga kanthu akaopa. Alamu akamva, za pa 28 zatha, galimoto ibwera mawa lomwe. Ndikakhala chete, n'kudzagwanso, n'kuthyoka chiuno, mlandu ngwanga mpaka kumanda. Ndipo ndine ndani ine? Mkamwini. Chinsinsi chimene eni ake abisira ana awo obereka, ndikachiulule ine wobwera?

Abisa chifukwa akudziwa chimene chingatsatire. Chaka chathunthu kuyenda mongoloweza, kumwetulira, kuphikira alendo nkhuku. Ha, amayi amenewa. Ndawamvera chisoni mpaka tiyi wandikanika.

Zitseko ziwiri ndamaliza. Mwini wake watenga osapereka ndi moni yemwe.

Lachinayi, 26 Seputembala

Ndinapita ndi katchizulo kakang'ono, kobulungira kunsonga. Ndinauza Felesiya kuti pali pena pokhakhala. Iye ndi amayi ake anakhala kuseri kwa nyumba akutongola chimanga.

Kunsi kwa chogwirira, pomwe nsonga za zala zimadutsa, ndasema kadzenje pa sitepe iliyonse. Kakang'ono, kokwana nsonga ya chala, kosalala. Ndinatsika ndekha nditatseka maso, nditawerama kufika pa msinkhu wawo, kuti kadzenje kazifika pa chala nthawi yomwe phazi lafika pamlomo, osati pambuyo. Kasanu ndinatsika choncho. Galu wa pakhomo anandiyang'ana ngati ndapenga. Pa sitepe yaitali timaenje tiwiri togundana. Pa yomaliza kamzere kakatali, kuti apa ndi pansi, basi. Kumtunda ndalumikiza kachidutswa kena kofika pakhoma pafupi ndi chitseko, kuti dzanja lizichoka pa felemu ya chitsekocho n'kugwera pa mtengo osasakasaka. Woyang'ana ataima saona kanthu.

Sindinauze munthu. Apongozi akamva ndi zala adziwa kuti ndadziwa. Mwina akwiya. Za dongo zija sizinapole n'komwe.

Nditafika ku Mitundu, foni ya Felesiya. Amayi anatsika, anaima pakati nthawi yaitali, dzanja likuyendayenda kunsi kwa mtengo. Anakwera, anatsikanso. Katatu. Kenako anafunsa, "Bambo a Thoko apita?" Atamva kuti eya, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Felesiya akufunsa kuti ndawalakwiranso chiyani. Ndati kaya.

Loweruka, 28 Seputembala

Atsala!

Alamu anafika cha m'ma 10, galimoto yobwereka, kumbuyo atayala kale matiresi. Anayamba ndi chogwirira. Kugwedeza, kukankha ndi phazi, mpaka kukhalapo ndi thupi lawo lonse lija. Osasuntha. Anandifunsa kuti misomali ili pati. Ndinati mulibe. Anapukusa mutu.

Ine pa mango. Apongozi anatuluka atavala chitenje chatsopano. Dzanja kuchoka pa felemu, molunjika pa mtengo. Kutsika osafufuza, phazi lililonse pamalo pake. Pa yaitali anaima pang'ono, n'kutsika bwinobwino. Pansi anaima nji. Kukweranso. Kutsika kachiwiri, ulendo uno akuwanena alamu kuti anenepa kwambiri, ku tauni amadya chiyani. Kachitatu atanyamula kambale ka madeya a nkhuku kudzanja linalo. Kudzionetsera ndithu!

Alamu anakhala pa sitepe ya pansi, chipewa kumaso. Kenako anabwera pa mango maso ali psuu, anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Alamu, ndinakudererani. Ine sindimafuna kuwazula amayi ayi, ndimangoopa foni yoti agwanso." Ndinangoti zikomo. M'kati ndinadzimva ngati wakuba. Munthu akundithokoza, ine ndamubisira za maso a mayi ake.

Matiresi abwerera opanda munthu. Ndasangalala, zoona ndasangalala. Koma timaenje tili pa masitepe pokha. Kudimba kulibe, pamoto palibe, pa chitsime cha kudambo palibe.

Lolemba, 30 Seputembala



Ndinapita kukapaka mafuta omaliza ndi kubweza mpini. Ndinatsokomola, Felesiya anandilowetsa, kenako amayi ake anamutuma ku mjigo. Mjigo uli kutali, mzere wake wautali. Ndili chogwada pa nsanamira ya pansi, ndinamva chitseko. Mapazi pakhonde. Ndinataya kansanza, kufuna kuthawira ku mango.

"Musathawe, bambo a Thoko. Ine ndikubisalireni chifukwa chiyani, poti ngakhale mutaima apa sindikukuonani?"

Mawu oyamba m'zaka 22. Ndinagwada pomwepo, maso padothi, thukuta lili kamukamu.

Anatsika mpaka pakati, anakhala pa sitepe. Akuti linayamba lamanzere, chaka chatha nthawi yokolola, tsopano lamanja likutsatira. Zonse ngati utsi wa zinyalala zonyowa. Akuti atapeza timaenje tija anafuna kulira ndi manyazi, kenako anakhala akudikira kuti Masautso aimba, galimoto ibwera. Sanaimbe. "Ndinadziwa kuti m'nyumba mwa mwana wanga muli munthu."

Anandifunsa ngati n'zoona kuti ku chipatala cha Nkhoma amachotsa ng'ala, paja mnzawo wina wa kumpingo anapita akuchita kumutsogolera n'kubwerako akuwerenga. Ndinati ndamvapo, koma akanene ndi adokotala, ine ndine wa matabwa. Akuti chaka chonse akhala ndi mantha, womuuza analibe, chifukwa kuuza ana kunali kudzitengera okha ku Kawale. Ndinalimba mtima. Ndinati alamu ayenera kumva, sindingawabisire mpaka kalekale. Iwo anati: "Timuuza tikamva za adokotala. Mundiperekeze ndinu. Lachitatu."

Ndinati ndiye Felesiya akhale pakati pa njinga. Akana. Felesiya atsale aone nkhuku, amalira msanga, akawachititsa manyazi pa anthu. Wa kabaza ayinso, ameneyo pofika madzulo Nathenje yense wamva.

Felesiya anabwera ndi madzi n'kutipeza choncho, mayi ake pa sitepe, mwamuna wake chogwada. Ndowa inatsala pang'ono kugwa. Anamuuza okha. Analira, inde, mpaka oyandikana nawo anasuzumira. Ine sakundilankhula, akuti ndadziwa sabata yathunthu n'kumamufunsa za singano ngati chitsiru.

Lachitatu, 2 Okutobala

Nathenje, m'mawa. Ndikulemba nditatsamira njinga.

Mafuta ndinawapeza dzulo, maola atatu pamzere. Tcheni ndathira oyilo, mabuleki ndamangitsa, mpando ndautsuka ndi sopo kawiri. Helemeti yawo ndabwereka kwa Calvin. Kuchokera pano mpaka pa tala mabampu okhaokha, kenako Kamphata, kenako chitunda cha ku Nkhoma. Ndiyenda ngati ndanyamula mazira.

Kaya adokotala akanena chiyani. Mwina tachedwa. Mwina ayi. Ndapemphera, mawu anali ochepa.

Ndinabwera ndi kathabwa ndi zingwe za mphira, kuti ndimangire kumbuyo kwa mpando azigwirapo. Nanga agwira pati? Felesiya wandilanda, wakaponya pa nkhuni. Mawu ake oyamba kwa ine chichokere Lolemba: "Amayi akuti matabwa akwana. Lero agwira inu."

Ndavala malaya oyera a ku tchalitchi, koma nsalu yake njopyapyala, akakoka pa bampu ing'ambika. Ndaphatikiza jekete la khaki pamwamba, kutentha konseku, mabatani onse omanga. Msana wonse ukuchita manyazi.

Apongozi atsika. Aima pansi pa masitepe, kachikwama kukhwapa. Akuti, "Ali kuti mwana wanga? Abwere andigwire dzanja, njingayo sindikuiona."

Felesiya wathamangira, amubweza.

Akunena ine.